Buku Lokulungira Mchere

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvetse mwa a Rafaeli Kalinde. Munthu amene anatsika m'migodi yeniyeni, naona miyala yeniyeni ikugwera anzake, ankamvera anthu a m'buku la nkhani zopeka kuposa ife amoyo amene tinkakhala naye. Ndinawawerengera bukulo zaka ziwiri, ndipo ndinkaganiza kuti akungopititsa nthawi monga ena amachitira ndi bawo. Ndinalakwitsa.

Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale pafupi ndi Njuli. Ndinaphunzira ku mishoni, kumene anatiuza kuti buku labwino ndi lija limakusiya uli munthu wabwinoko. Buku la a Kalinde linalibe chikuto, linalibe dzina, ndipo linkanunkha usipa.

Kwawo kwa a Kalinde kunali ku Milepa, koma anali mkamwini m'mudzi wina kuseri kwa msika wa Njuli. Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo sankatha kukhala pansi nthawi yaitali. Mukamacheza nawo ankadzuka, kukagwira tcheni cha njinga, kubwerera, kudzukanso. Ku migodi ya ku Joni anapitako kawiri. Ulendo wachiwiri anatenga mlamu wawo Mikaele, mchimwene yekhayo wa akazi awo a Anjelina. Tsiku lonyamuka, apongozi awo aakazi, amene mwamwambo sankayang'anizana nawo, anayankhula ali kuseri kwa nkhokwe: "Mwanayo ndakupatsani m'manja. Mudzandibwezere m'manja."

Mu 1974, anthu a kuno atabwezedwa kuchokera ku migodi, a Kalinde anafika okha. Mikaele anali atasamukira ku mgodi wina. Anamutumizira uthenga, namudikira pa geti mpaka dzina lawo litaitanidwa, kenako anakwera galimoto yobwerera kumudzi. Chaka chotsatira kunabwera kalata imodzi yopanda keyala. Kuchokera apo, zii.

Kuno kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo nkhani za ana amazigwira ndi malume awo. Mikaele ndiye anali mwinimbumba wa pakhomo paja. Palibe amene anawadzudzula a Kalinde. Apongozi aja anamwalira mu 1979 osatchulapo nkhaniyo ngakhale kamodzi, ndipo ndikhulupirira kuti kukhala chete kumeneko kunawapweteka kuposa kutukwanidwa.

Bukulo linabwera ndi mchere. Lamulungu lina mu 1981, titatuluka m'tchalitchi, anandiimitsa natulutsa pepala lokwinyika m'thumba la jekete. Panali chithunzi cha amuna onyamula malupanga akuwoloka mlatho wa zingwe, wina atabereka mnzake.

"Aphunzitsi, Chizungu chanu chija chikadalipo, kapena ana anakumalizirani?"

"Chatsala pang'ono."

"Tandiuzani, anthu awa akuthawa chiyani?"

Ndinawerenga mbali zonse ziwiri. Linali tsamba la pakati pa nkhani yaitali, ya dziko limene pa mapu palibe, kumene kumwamba kuli miyezi iwiri ndipo mfiti zimagulitsa nkhungu m'mitsuko. Amuna aja anali gulu la ankhondo opanda dziko lawolawo. Mfumu iliyonse yowalemba ntchito ankaimenyera nkhondo, ikatha ankapita kwa ina.

"Ndiye kuti nkhondoyo si yawo?"

"Ayi. Ndi ganyu."

Anaseka mpaka kugwira chishalo cha njinga. "Ndawadziwa anthu amenewa. Ndinkagona nawo m'komponi ya ku mgodi."

Pepalalo a Anjelina analitenga kwa che Bakali, wogulitsa mchere ndi usipa pa Njuli. Che Bakali anali atagula thumba la mabuku akale ku Limbe kuti azikulungira malonda. Buku lokhuthalalo analidula patatu ndi mpeni, nagawira aphwawo awiri, wina wogulitsa ku Kadewere, wina ku Milepa. A Kalinde atawapempha masamba otsala, anakana.

"Pepala limapita ndi mchere, che Kalinde. Ndipo buku limeneli ndi labwino zedi."

"Mwaliwerenga?"

"Silibowoka."

Choncho a Kalinde anayamba kugula mchere. Tsiku la msika ku Njuli, mchere. Ku Kadewere, mchere. Ku Milepa ankapalasa njinga m'mawa n'kubwerako madzulo, matumba a jekete atatupa. Masamba amene anali atapita kale ankawalondola khomo ndi khomo, kufunsa amayi kumene anaponya pepala la mchere. Ena anawapeza otsomekedwa m'denga, ena alimi atapichira kale fodya theka. Chizungu sankachidziwa, koma manambala ankawadziwa. Ankayanika tsamba lililonse padzuwa, kuliika pamalo pake, kulisoka ndi ulusi wa thumba, n'kusunga zonse m'sutikesi yachitsulo imene anabwera nayo ku Joni.

Lamulungu masana tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Poyamba tinali awiri. Posakhalitsa kunabwera amuna ena asanu ndi mmodzi, onse opitako ku migodi, ndipo che Bakali nawonso ankatseka benchi lawo msanga kudzamva zimene ankagulitsa. Mayina a m'bukumo anali ovuta, ndiye anapereka awoawo. Mtsogoleri wa gululo anamutcha Kapitawo. Mnyamata wina wodziwa lupanga, wokonda kuseka akuluakulu, anamutcha Wamanzere. Mawu oti mfumu ndinkawasintha kukhala bwana, chifukwa zaka zimenezo amuna asanu ndi anayi oseka za kugwa kwa mafumu akanatha kufunsidwa mafunso.

Ine nkhondo zake zinkanditopetsa. Tsamba lililonse wina akudulidwa mkono, mpanda ukugwa, buluzi wamkulu ngati lole akuthamangitsa akavalo. Iwo ankazimva atasendera kutsogolo, wina akugwedeza phewa ngati nkhwangwa ikubwera kwa iye. Koma ndinaona kuti chimene ankandipempha kubwereza si nkhondo ayi. Ankafuna pamene ankhondo aja akudya m'poto mmodzi, akunyoza bwana amene akumufera, akukamba za kwawo koma osanyamuka kupitako.

"Bwerezani pamenepo, aphunzitsi, pamene akuti bwanayo sadziwa ndi mayina awo omwe."

"Ndawerenga kale kawiri."

"Kachitatu ndiye kamakoma."

Ankanditama kuti ndimatha nkhani, ndipo zinkandichititsa manyazi, pakuti ntchito yanga inali yongonyamula mawu kuchoka m'chiyankhulo china kupita m'Chinyanja. Pamene masamba asowa ndinkanena poyera: apa pasowa asanu ndi awiri. Iwo ankadzaza okha mpatawo ndi mkangano, mpaka a Anjelina kutuluka kudzafunsa ngati kwagwa maliro.

Zinthu zinasintha pa tsamba 388. Gulu lija linali kuthawa mumzinda woyaka moto. Wamanzere anatsala pa chipata kutchinga adani kuti anzake awoloke mlatho wa zingwe uja. Onse atawoloka, Kapitawo anamuitana kawiri, adani ali pafupi, kenako anadula zingwe. Tsamba linathera pomwepo. Masamba makumi anayi otsatira panalibe. Pamene nkhani inayambiranso, gulu linali m'chipululu, ndipo dzina la Wamanzere silinkatchulidwa.

"Anachita bwino," anatero mkulu wina. "Kapitawo amawerenga amene ali nawo, osati amene watsala."

"Akanadikira pang'ono," anatero wina.

"Adikire kuti afe onse? Inu mukanadikira?"

A Kalinde anadzuka, nagadabuza njinga, nayamba kuzunguza gudumu limene linalibe vuto lililonse.

Kuyambira sabata imeneyo sanakhazikikenso. Anabwerera ku Kadewere, ku Milepa, anafika ku Mbulumbuzi kumene anamva kuti mayi wina anagula mchere wambiri wa pa ukwati. Anapita ku Limbe kukafuna sitolo imene che Bakali anagulako thumba lija, napeza ikugulitsa nsapato. Nandolo anauma m'munda osathyoledwa. Nthawi zina ankafika pa sukulu nthawi yopuma, thukuta lili kamukamu, n'kundipatsa pepala pa zenera. Kawirikawiri linali la buku lina, la za ulimi wa nkhosa kapena la masamu.

Tsiku lina a Anjelina anandipeza panjira ndikuweruka.

"Aphunzitsi, auzeni bambo a Veronika kuti bukulo latha."

"Silinathe, mayi."

"Ndikudziwa. Koma auzeni. Mchere wadzaza mtsuko, wadzaza ndi mbiya yanga ya thobwa. Anthu akuti tikufuna kutsegula sitolo." Anasuntha mtolo wa nkhuni pamutu. "Amene akumufuna m'mapepalamo ndikumudziwa. Ndi mchimwene wanga, si wawo. Ine ndinalira, ndinamaliza. Ndilirenso wina?"

Ndinawauza kuti bodza sindingathe. Ndinkadziona wolungama kwambiri pamene ndinkanena zimenezi.

Kumayambiriro kwa 1983 mwana wawo woyamba, Veronika, anapeza mwamuna. Akuchimuna anabwera kudzafunsira mbeta, ndipo monga mwa mwambo a Kalinde, pokhala bambo chabe, anakhala patali, pa khonde la khitchini, akusema mpini. Mkulu wa alendowo, munthu wochokera kutali wosadziwa za pakhomopo, anafunsa mwaulemu kuti, "Nanga malume a mwanayu ndi ati?" Kenako msuweni wina wa a Anjelina anakhosomola nati ndiye adzaimirira. Zonse zinayenda bwino. Koma amene analipo amati mpini uja a Kalinde anausema mpaka unatsala ngati mthiko.

Patapita miyezi iwiri anandibweretsera theka la tsamba. Analipeza ku Milepa kwa mayi wina amene anakulungira mbewu ya mpiru. Nambala inali 421, mkati mwenimweni mwa mpata uja. Sanadikire Lamulungu. Anandipeza ndikulima mizere ya mbatata kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi, ndipo ndinawerenga ndili chiimire, manja ali ndi dothi.

Munali zochepa. Kapitawo anali pa chitsime. Anapereka chipewa chake chachitsulo kwa wachiwiri wake, napempha kavalo mmodzi ndi madzi a masiku asanu ndi anayi. Wachiwiriyo anayamba kunena kanthu, ndipo pepala linang'ambikira pomwepo.

"Akupita kuti?"

"Sakunena."

"Tayang'anani kuseri."

"Kuseri akukamba za mchenga."

Anayenda mpaka kumapeto kwa mzere, nabwerera. "Koma inu aphunzitsi mwawerenga mabuku ambiri. Inu ndiye mumadziwa. Mabuku otere amatha bwanji?"

Choonadi n'chakuti buku lotere ndinali ndisanawerengepo lina, ndipo mpaka lero sindinawerenge. Ndikanayenera kunena zimenezo. Koma munthu wamkulu anali ataima m'munda mwanga akundiyang'ana ngati wodziwa, ndipo ine, amene ndinkati sindikonda kutamidwa, ndinakondwera nako.

"Kawirikawiri amabwerera kukamutenga," ndinatero.

"Ngakhale papita nthawi?"

"Ngakhale papita nthawi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, napinda pepalalo kanayi, naliika m'thumba la malaya. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwire anakhala pansi, pa mzere wanga wa mbatata, osadzuka mpaka nditamaliza kulima.

Masabata otsatira anakhala ngati munthu wina. Anakolola chimanga, anafolera denga la khitchini, anamanga nkhokwe yatsopano ngakhale yakale inali yabwinobwino. Pa ukwati wa Veronika anavina. A Anjelina anandithokoza pa khomo la tchalitchi, poganiza kuti ndinachita zimene anandipempha zija. Ndinalandira kuthokozako.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni ndinapeza sutikesi yachitsulo pa khonde langa. Munali buku lonse losokedwa lija, kupatula theka la tsamba 421.

Kuyambira tsikulo a Kalinde sanaonekenso, ndipo pambuyo pake kunamveka zambiri. Wina anati anawaona ku Mwanza pafupi ndi malire akufunsa za malole, wina anati ku Nsanje, wina anati m'minda ya tiyi ku Thyolo. Pasipoti analibe, ndipo ku Mozambiki kunali nkhondo. A Anjelina anandifunsa kamodzi kokha chimene chinalembedwa pa pepala lomaliza lija. Ndinawauza zonse, ndi mawu anga aja omwe. Anandiyang'ana, nanyamula ndowa yawo, napitirira.

Womaliza kuyankhula nawo anali che Bakali. M'mawa wa tsikulo, akuyala mchere pa benchi, anaona a Kalinde akutsamiritsa njinga pa mtengo wa benchilo, atavala jekete lawo la ku Joni.

"Muzindionerako njingayi."

"Mpaka liti?"

"Akazi anga adzaitenga."

"Kodi mapepala aja simunawamalizebe, che Kalinde?"

"Atsala ochepa."

Basi ya ku Limbe inaima pa siteji. Che Bakali amati a Kalinde sanathamange ngati mmene ankachitira masiku onse. Anawoloka msewu mwapang'onopang'ono, dzanja lili pa thumba la malaya, nakwera.