Tiyi Wopanda Shuga

Kagaluko anatisiyira ndi mzungu wina wa ku esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, yemwe abambo ankamuphikira. Inali nthawi imene aliyense anayamba kuvala nsalu ya chipani chake osaopa munthu. Mzunguyo anabwerera kwawo, ntchito ya abambo n'kuthera pomwepo. Tinabwerera ku Liwaladzi ndi thumba la shuga komanso kagalu kaubweya, kosaposa mphaka.

Abambo anakakonda mopitirira muyeso. Tiyi wawo ankathira masipuni anayi a shuga, theka n'kukatsanulira m'kambale. Nanga tinkadziwa chiyani ife? Kwathu amene umam'konda umam'patsa zotsekemera.

Patapita zaka ziwiri kanasiya kudya. Kakaluma usipa kankalira n'kuthawira pansi pa mpando. Fungo la m'kamwa, abale inu! Amayi anati, "Galu akadwala amadya udzu, kasiyeni." Abambo anangokanyamula. Anakaika m'basiketi, nandiuza kuti ndivale, tikakwere matola opita ku boma. M'galimotomo munthu wina anafunsa, "Achimwene, ameneyu ndi mdzukulu?" Onse anafa nako kuseka. Ine manyazi anandigwira, ndipo mpaka lero ndimadzida nazo.

Dokotala wa ziweto anali wozolowera ng'ombe ndi katemera wa chiwewe, koma sanatiseke. Anakayasamulitsa, napukusa mutu.

"Bambo, mumakapatsa chiyani?"

"Tiyi."

"Wa shuga?"

Abambo anawerama.

"Mano asanu awola. Ndikagonetsa ndi jakisoni kuti ndizule. Koma n'kakang'ono, mwina sikadzuka."

Anazula limodzilimodzi, akuponya m'mbale yachitsulo. Atamaliza, kagalu kanangoti zii patebulo. Abambo anavula chipewa, akuchipotokola. Tinadikira, tinadikira, kenako mchira unagwedezeka pang'ono.

"Kadzuka," anatero abambo.

Kuyambira tsiku limenelo ankakasinjira nsomba mu mtondo, atachotsa minga yonse. Shuga anasiyiratu. Ankati sangamwe zotsekemera kagalu kakuwayang'ana, pomwe anakawoletsa mano ndi iwo omwe. Kanakhala zaka zina zinayi. Katafa, amayi anawabweretsera shuga m'kachitini, koma iwo anakankhira kumbali, ndipo sanamulawenso mpaka tinawaika m'manda.

Ndimawasowa abambo anga, ndimawasowa koopsa. Ana anga amandiseka kuti ndimamwa tiyi ngati mankhwala. Asekeni. Kapu ikafika theka, dzanja limaimabe lokha, maso n'kuyang'ana pansi pa mpando.