Gulo wa Chithokozo

Mlongo wanga Chithokozo anabadwa wofatsa mpaka kukwiyitsa. Anzake akamathamangitsa mbalame ndi malegeni, iye ankakhala pachulu tsiku lonse kuyang'ana chiswe. Amayi anafika popita naye kuchipatala kukamuyezetsa makutu. Makutu anali bwinobwino. Munthuyo ndi mmene alili basi.

Panopa amaphunzira zaulimi ku koleji ina cha ku Mitundu. Chaka chatha patchuthi anatsika pa kabaza kwathu kuno ku Nathenje atanyamula katoni yoboolaboola. Ine ndinkati muli buledi. Kutsegula, ndinapeza gulo, mutu wabuluu, akundiyang'ana. Ndinakuwa.

"Musakuwe, achemwali," anatero Chithokozo. "Ndi wodwala."

Ana anali atamuthyola mwendo ndi legeni. Chithokozo anaumangirira ku kamtengo ka machesi ndi ulusi, n'kunena kuti uchira pakatha masabata asanu. Tchuthi chake chinali chimenecho. M'mawa kutulutsa katoni padzuwa, masana kugwira ziwala kudimba, madzulo kulemba m'kope kuti wodwala wadya zingati. Mnyamata wa ku koleji, ndevu pachibwano! Ine zinkandinyansa, ndisaname.

Pofika sabata yachiwiri, mudzi wonse unali utadziwa chimene chimamukhozetsa mayeso. Ati nzeru zake zonse zili m'katonimo.

Tsono amayi athu avala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amaisita Lachitatu lililonse, kaya akudwala kaya kuli maliro. Lachinayi la sabata yachitatu, Mayi Rozina, mtsogoleri wa amayiwo, anafika ndi anzawo anayi kudzaona okha. Anazungulira katoni, anaimba nyimbo, kenako Mayi Rozina anawerama.

"Iwe, kodi unachita kutumidwa m'nyumba muno?"

Ngakhale mwana amadziwa kuti gulo amangogwedeza mutu, kaya wafunsidwa kaya sanafunsidwe. Anagwedeza.

"Ndiwe wa mdima?"

Anagwedeza kawiri.

Ine ndinati, "Mufunseninso ngati ali m'busa, avomeranso." Amayi ananditsina pantchafu.

"Mwaona nokha, Anaphiri," Mayi Rozina anauza amayi. "Chinthuchi chikafika Lachinayi likubwerali chili muno, bulauzi ija muyambe mwaipinda kaye."

Alendo atapita, amayi sanalire. Anangotulutsa bulauzi ija, kuiika pamiyendo, n'kumaisisita. Wolankhula ndinali ine. Ndinamukalipira mnyamatayo mpaka mawu kusasa: amayi ako achite manyazi mudzi wonse chifukwa cha buluzi? Iye anangoyankha kuti, "Kwatsala masabata awiri kuti achire."

Lachitatu m'mawa anamasula ulusi uja, n'kupita ndi katoni ku mtengo wa mango wa kuseri kwa khola. Anamuika gulo pathunthu. Gulo anakwera ndi miyendo itatu, wachinayi ukukwekwereza, kenako anagwa. Chithokozo anamutola, kumupukuta fumbi, n'kumuikanso pamwambako pang'ono. Atatero anabwera kudzakoleza makala a simbi yositira ya amayi.

Masiku otsalawo ankadzukabe m'mawa n'kukakhala pakhonde, pomwe pankakhala katoni paja, manja pamaondo. Kope analisiya. Ndinamumvera chisoni kwabasi, ine yemwe ndinkakuwa uja, koma kupepesa sindimatha. Ndinangomuphikira mbatata.

Amayi anapita ku mapemphero awo atavala zoyera, ndipo Mayi Rozina anawapatsa moni wa manja awiri. Nkhani inathera pomwepo. Chithokozo anabwerera ku Mitundu ndi chikwama chokha.

Lachinayi lotsatira ndinawasowa amayi pakhomo, nthawi ya mapemphero itayandikira. Ndinakawapeza kuseri kwa khola, bulauzi ili mbee, duku kumutu, atagwada m'udzu. Ankagwira ziwala, kuzithothola miyendo kuti zisathawe, n'kumaziika pa nthambi ya m'munsi.

"Amayi, mukutani?"

"Mwendo uja sunagwirebe," anatero osandiyang'ana. "Ukamuimbira foni mlongo wako, umuuze kuti lero wadya zinayi."