Nsomba Zadothi Pakhoma Langa

Vutoli linayamba mu Juni, nyengo ya mwera. Ndikamasankha usipa pathandala ku Chipoka, ndinkaona zapatsogolo zokha, zam'mbali zili mbuu. Mutu unkawawa kuseri kwa maso. Ndinkati ndi utsi wowambira nsomba, ndiye ndinangozinyalanyaza mpaka mvula inagwa.

Kuchipatala ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala atandiyeza anati, "Mayi, madzi achuluka m'diso, awononga mtsempha. Lakumanzereli lapita. Tilimbane ndi lakumanjali." Anandichita opaleshoni n'kundipatsa mankhwala odontheza m'mawa ndi madzulo. Ndinalira, sindibisa.

Koma chondipweteka kwambiri ndinachipeza m'nyumba mwanga momwe. Anthu odzandizonda sankatha phazi. Kwathu kuno mlendo umamupatsa mpando, iye amaukokera pafupi ndi wodwala, akatsanzika mpandowo umatsala pomwepo. Tsiku lina ndinapunthwa pampando umene anasiya amayi a kutchalitchi, n'kugwera pambaula yamoto. Kuyambira pamenepo ndinaleka kuyenda ndekha. Ngakhale kuchimbudzi ndinkadikira amuna anga, a Phiri, kuti andigwire dzanja. Munthu wamkulu ngati ine! Manyazi anandidya kuposa matendawo.

Mu Meyi kunabwera mlangizi wothandiza anthu a vuto la maso, atanyamula dothi loumbira mbiya. Anati, "Umbani chilichonse chimene manja anu akuchidziwa." Ndinkaona ngati masanje, koma zala zinakumbuka chambo, kampango ndi mpasa. Poumba, mtima unayamba kukhala pansi. Titaotcha nsombazo, a Phiri anazimata pakhoma ndi simenti, pofika dzanja: chambo kulondolera kuchipinda, kampango kukhomo lakuseri, mpasa kukhomo lakumaso. Zitseko anazipaka penti yachikasu chifukwa ndiyo imene diso lotsalali limaiona. Mpando uliwonse unapatsidwa malo ake, ndipo a Phiri anayamba kuuza alendo mosapsatira kuti aziubwezera pamene aupeza. Ena anakhumudwa nazo.

Lero diso lakumanja likuonabe pang'ono, ndipo mankhwala sindidumphitsa. Abale anga, maso akayamba chifunga musazengereze ngati ine, pitani kuchipatala msanga.

Dzulo kunamveka odi pakhomo. A Phiri anati adzuke, ine ndinati, "Khalani, bambo." Ndinatsata mpasa zanga, ndinatsegula chitseko ndekha, ndipo mlendoyo ndinamupatsa mpando ndi manja angawa.