Maola atatu pakhonde la a Nabanda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pachigayo cha mpunga ku Malengachanzi. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri chilembere mayeso a Folomu 4, ndikungothandiza amayi kumunda. Tsiku lina ndinaona pepala atamata pachitseko cha chigayocho: kabungwe kena kankafuna azimayi odziwa kulemba ndi kuwerenga oti aziphunzitsa ndi kuperekeza amayi oyembekezera. Kalata yofunsira ndinailemba papepala lothothola m'kope lakale, ndipo patatha milungu itatu anandiitana.

Amene anatiphunzitsa anali Sisitala Gondwe, mzamba wopuma pantchito wa ku Dwangwa, munthu wosadziwa kuzungulira polankhula. Tsiku loyamba anatiuza kuti: "Inu si azamba. Manja anuwo ndi osisita msana ndi kupukuta thukuta. Ndikadzamva kuti wina wachiritsa mayi kumudzi, njinga adzaisiye pano." Anatipatsa aliyense njinga, foni yamabatani, buku la zithunzi, chidole chansalu chokhala ndi mchombo wachingwe, ndi chiuno chapulasitiki chosonyezera mmene mwana amatsikira.

Ntchito yake inali yoyenda khomo ndi khomo. Ndikafika ndinkayamba ndi kabuku ka sikelo, kuona ngati mayi akupita pa masiku ake, ngati akumwa mapilitsi owonjezera magazi ndi oteteza malungo, ndiponso ngati neti ili pamwamba pa mphasa osati kunyanja ikuphera usipa. Kenako tinkabwereza zizindikiro zoopsa: kutaya magazi, kutupa nkhope ndi manja, mutu wosamva panado, mwana kusiya kugunda, nsupa kusweka matenda asanayambe. Tinkalongedza limodzi beseni la kuchipatala, muli zitenje zochapa, pepala lakuda lapulasitiki, lezala latsopano ndi ulusi. Matenda akayamba ndinkapita naye, kumuyendetsa, kumudinikiza ndi chibakera pansi pa msana ululu ukabwera, kumumwetsa madzi, ndi kumulankhulira kwa anamwino ngati iye akuchita manyazi.

Vuto langa linali limodzi: ndinalibe mwana. Amayi achikulire ankandiyang'ana pachifuwa n'kunena kuti, "Iwe ukatiuza chiyani, mabere ali chiimire?" Ndiye ndinapeza njira yanga. Ndinkagwada kutali, chitenje mpaka m'mapazi, mawu apansipansi, ndipo chilichonse chimene andipatsa ndinkalandira ndi manja awiri. Zinkathandiza ndithu. Makomo amene anzanga ankabwezedwa, ine ndinkayalidwira mphasa, mpaka ndinayamba kudzitama kuti ndimadziwa kukhala ndi anthu.

Zione anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mimba yoyamba. Anatengedwa chitengwa kupita kwa mwamuna wake Lyson, msodzi wa kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Anali wamfupi, woseka msanga, ndipo chidole changa chija ankachibereka kumbuyo ndikamaphunzitsa. Kusikelo anamulembera ndi inki yofiira kuti chiuno chake n'chaching'ono ndipo mwana akuoneka wamkulu, choncho mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba akakhale kuchidikiro cha chipatala chachikulu. Ndinawauza apongozi ake, a Nabanda, katatu konse. Katatu konseko anayankha kuti, "Timalize kaye kudula mpunga. Akapita pano, aganyu aziwaphikira ndani?" Ine, ndili chogwada, ndinkati, "Chabwino amayi."

Linali Lachinayi, nyengo yokolola. Ndinafika pakhomopo cha m'ma eyiti m'mawa, ulendo wanga wamasiku onse. Chitseko chinali chotseka, pakhomo pali masilipasi a anthu anayi. Lyson anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. A Nabanda anatuluka, n'kukokanso chitseko kumbuyo kwawo, n'kundiyalira mphasa pakhonde. Tinalonjerana mwadongosolo, za kunyumba, za mpunga, za mwera. Kenako anati, "Mnzanuyo wadwala pang'ono. Akuluakulu ali momwemo."

Nditafunsa, anandiuza kuti matenda anayamba dzulo lake masana. Koma pakamwa panga panangotuluka kuti, "Ndingamuoneko, amayi?"

"Wosabereka salowa mmenemu, mwana wanga," anatero mwachifundo zedi. "Ungadzitsekere wekha njira. Dikira pang'ono."

Ndinadikira. Anandibweretsera tiyi ndi mbatata yophika, ndipo ndinadya. Ndimafuna amene akuwerenga izi amve bwino, chifukwa ine zimandinyansabe: ndinasenda mbatata ija, ndinadya, ndinathokoza. Foni inali m'chikwama. Ndinkadziuza kuti ndiimba ndikamuona kaye, popeza Sisitala ankakonda kufunsa kuti waona chiyani ndi maso ako. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuoneka mwana wamwano.

Khoma linali lopyapyala, moti ndinayamba kumva mawu. "Ulula, mwana iwe. Tchula, uchire." Kwathu kuno mayi akachedwa kuchira, akuluakulu ena amati ndi mapinga, kutanthauza kuti wina m'banjamo anayenda njira ya kumbali mimbayo ilipo, ndipo mwana sangatuluke mpaka mayiyo atchule maina a amuna amene anagona nawo. Zione ankalira kuti sadziwa mwamuna wina. Azakhali ake a Lyson anatuluka, anakasinja mizu kuseri, n'kulowa ndi kapu. Ndinadziwa kuti ndi mwanamphepo, mankhwala ofulumizitsa matenda, amene Sisitala anatiuza kuti amafinya chiberekero mpaka kuching'amba ngati mwana alibe podutsa. Ndinatsokomola, n'kuuza a Nabanda kuti, "Amayi, zimenezo akuchipatala amaletsa." Anandiyankha kuti iwo anabereka ana asanu ndi awiri ndi kapu yomweyo, ndipo ndinakhalanso pansi.

Cha m'ma leveni Zione anayamba kutchula. Anatchula mphunzitsi wa kwawo. Anatchula wakabaza wina wa pamsika. Kenako anatchula mkulu wa mpingo wa ku Malengachanzi amene ine ndinkamudziwa bwino, amene anamwalira Zioneyo akadali ku pulayimale. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti mwanayo akungotola dzina lililonse limene labwera m'mutu kuti amusiye. Amayi aja anati, "Eya, onjezera." Koma sanaonjezere. M'nyumbamo munangoti zii.

Sindikumbukira kudzuka. Ndikukumbuka kuti chitseko ndinachikankha ndi phewa, masilipasi aja n'kumwazikana. Zione anali pamphasa, milomo itayera, thupi lozizira koma thukuta lili kamukamu. Mimba inali itasintha maonekedwe, yopendekera mbali imodzi, ndipo chitenje cha pansi pake chinali chitanyowa magazi. Nditagwira pamkono, mtsempha unkathamanga mofooka ngati wa kamwanapiye. Azakhali aja anayamba kuti, "Iwe mwana, wakuloleza ndani..." Ndinati, "Chokani apo." Aka kanali koyamba m'moyo wanga kulankhula ndi munthu wamkulu nditaimirira.

Ndinaimbira Sisitala. Atamva zonse anafunsa, "Wafika nthawi yanji pamenepo?" Ndinati eyiti. Anati, "Ambulansi yapita kwina. Peza galimoto iliyonse. Mugoneke chammbali, umufunditse, usamupatse chakudya. Ine ndikuimbira kuchipatala."

Ndinathamangira kwa Lyson kuti akasake galimoto. Munthu uja anandiyang'ana, singano ya ukonde ili m'manja, n'kufunsa kuti, "Amayi avomera?" Ndinamulanda ukondewo n'kuuponya pansi. Ndinati, "Inu akufunsani maina? Ku Ngala kumene mumakakhala milungu iwiriiwiri kuja, munkagona ndi ukonde? Mapinga ake ndi a mkazi yekha?" Iye sanadzuke n'komwe. Ndinapita ndekha kudooko, kumene ndinapeza a Hamisi, ogula usipa, akupakira matumba m'kagalimoto kawo. Sanandifunse zambiri. Anatsitsa matumba atatu, n'kunena kuti, "Bismillah, tiyeni tikamutenge."

Njira yonse ndinali kumbuyo, mutu wa Zione uli pamiyendo panga, ndikumuitana dzina kuti asagone. A Nabanda anakwera nawo, atagwira beseni lija tinalongedza limodzi. Kuchipatala anali atatidikira pakhomo, ndipo analowa naye kufiyeta nthawi yomweyo. Chiberekero chinali chitang'ambika. Anachichotsa kuti apulumutse moyo wake. Mwana, wamwamuna, anamupeza atafa kale.

A Nabanda analira kwambiri pabenchi la pachipatalapo, ndipo ndikudziwa kuti misoziyo inali yeniyeni. Sanafune kupha mdzukulu wawo. Anachita zimene anawachita iwo ali mtsikana. Komabe sindinawagwire dzanja, ndipo mpaka lero sindinawagwire. Sisitala atafika sanandikalipire monga ndinkayembekezera. Anangoti, "Ulemu wako wadya maola atatu. Mawa ubwere kuntchito."

Mlungu usanathe, maina atatu aja anali atafika pamjigo. Mkazi wa wakabaza uja anapita kukatukwana pakhomo pa makolo a Zione. Lyson ananena kuti sangakhale ndi mkazi amene anaulula yekha amuna atatu, ndipo palibe anamukumbutsa kuti mmodzi mwa atatuwo anali kumanda zaka zonsezo. Mvula isanagwe anali atakwatira wina. Zione anabwerera kwa amayi ake ndi chipsera pamimba, dzina loipa, komanso uthenga wa adokotala wakuti sadzaberekanso.

Zinanditengera mwezi kuti ndilimbe mtima kukamuona. Ndinamupeza akusankha mpunga m'lichero, atawonda. Ndinayamba kumuuza mmene ndinawakalipira azakhali aja ndi Lyson, mwina pofuna kuti andiyamikire. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako, osakweza mutu, anati: "Achemwali, ine ndinkakumvani pakhonde paja. Ndinamva mukuthokoza tiyi. Ndinkangoti akamaliza kumwa, alowa."



Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo tsopano ndine amene ndimaphunzitsa atsikana atsopano. Ndimawaonetsa chidole, chiuno chapulasitiki, ndi mmene amadinikizira msana. Kugwada sindiwaletsa, chifukwa popanda ulemu m'midzi muno sulowa khomo lililonse. Koma ndimawauza zimene ine ndimachita. Ndikafika pakhomo n'kupeza chitseko chotseka, mayi wanga ali m'kati, sindikhala pamphasa ndipo sindilandira kapu ya munthu. Kaya andinena zamwano, kaya akandisumire kulikonse, ndimalowa kaye n'kumuona ndi maso anga. Moni ndimapereka potuluka.