A Chidendene ndi Nsapato ya pa Mlatho

Pa khonde la pakati pa saluni ndi shopu yokonzera mafoni pamakhala bambo wina amene dzina lake lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense amangoti a Chidendene, ndipo eni ake amavomera osanyinyirika. Akhala pa kampando kamodzimodzi zaka zoposa makumi awiri, kabokosi ka misomali pambali, chitini cha guluu pakati pa miyendo, kusoka nsapato za msewu wonsewo. Nkhope za makasitomala amaziiwala, koma mapazi ayi. Munthu akamabwera amayamba kumuyang'ana kuchokera pansi, ndipo akamafika kumaso amakhala atadziwa kale vuto lake.

Ntchito sinkawadwalitsa mutu. Chimene chinkawadya mumtima ndi mwana wawo wamkazi womaliza, amene onse ankangomutcha Mzime. Ali wamng'ono ankalongolola ngati wailesi, koma atangokwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kwa bambo ake anatsala ndi mawu atatu okha: eya, ayi, kaya. Pochokera kusukulu ankapereka moni wa pakhosi n'kulowa mu saluni. A Chidendene ankangoweramira nsapato, koma zinkawawawa kwambiri.

Kenako kunabwera buku. Analisiya ndi mlamu wawo wa mayi a saluni, ndipo nkhani yake inali ya mtsikana wa msinkhu wa Mzime amene ananyamuka m'mawa kupita kusukulu osabwerako. Apolisi anangopeza nsapato yake imodzi pa mlatho. Mayi a saluni atawerenga mitu itatu anatsala pang'ono kuwotcha khutu la kasitomala, ndipo pofika madzulo msewu wonse unkalifuna bukulo.

Mayiwa sachedwa ndi zinthu. Analigwira bukulo n'kuling'amba pamsana, zidutswa zisanu ndi chimodzi, n'kulemba manambala ndi penti ya m'zikhadabo. Womaliza chidutswa choyamba ankapatsira mnzake n'kutenga chachiwiri. Chomaliza anachikiyira mu dirowa ya mawigi, n'kulengeza kuti sichituluka mpaka aliyense atafika pa chachisanu.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa. Wokonza mafoni analumbira kuti wapha mwanayo ndi bambo ake omupeza. Dalaivala wa minibasi ankaloza mphunzitsi, komanso ankatukwana wapolisi wa m'bukumo kuti ndi wozizira, angomupatsa iyeyo ntchitoyo. Namwino wa pa kiliniki ya tsidya la msewu analira chidutswa chachitatu chonse, n'kuyamba kuimbira foni ana ake katatu pa tsiku mpaka anawo anadandaula. Mayi a saluni ankakayikira aliyense, ngakhale agogo a mtsikanayo amene ankayendera ndodo. Pa chinthu chimodzi chokha ndi pamene ankagwirizana: mwanayo anafa, ali pansi pa mtsinje.

Pakati pa phokoso lonselo, a Chidendene ankamva mawu amodzi akudutsa khoma. Anali a Mzime, akutsutsa, akuseka chikhakhali, akudula akuluakulu pakamwa. Mwana yemweyo wa eya ndi kaya! Tinene zoona, anachita nsanje. Munthu wa imvi zake kuchitira nsanje mapepala.

Mwayi unawapeza okha. Zidutswa zija zitayamba kuthothoka masamba, mayi a saluni anabwera nazo pa khonde.

"A Chidendene, tasokani izi. Koma musazipake guluu wanu wonunkhayo."

Anasoka ndithu, ndi ulusi wa nsapato, molimba kuposa mmene zinachokera kufakitale. Koma asanabweze choyamba anavala magalasi awo omanga ndi waya, n'kuika chala pa mzere woyamba. Buku la nthano anali asanaligwirepo chichokereni pa sukulu. Ankawerenga milomo ikugwedera, liwu ndi liwu, ndipo zinawatengera masiku khumi. Nsapato za anthu zinaunjikana, makasitomala n'kumabwerera akung'ung'udza. Iwo sankasamala kuti wapha ndani. Ankangofuna kupeza chonena choti mwana wawo atembenuke.

Loweruka masana, tsiku lotsegula dirowa, saluni inadzaza mpaka pakhomo. Dalaivala anasiya minibasi pa siteji. Namwino anabwera ndi mpango wopukutira misozi. Mayi a saluni akuti apise kiyi, anthu anaona a Chidendene ataima pakhomo, epuloni ili m'khosi. Zaka zonsezo anali asanapondemo.

"Musanatsegule," anatero, "mwanayu ali moyo."

Kunabuka chiseko.

"Madala, bwererani ku zidendene," anatero dalaivala. "Izi n'za ophunzira."

Mzime anazolika, manyazi atamugwira. A Chidendene anaona, koma anavala zilimbe.

"Nsapato ya pa mlatho ija inali yatsopano, eti? Mayi ake anamugulira sabata yomweyo. Zingwe zinali zomanga, koma kumbuyo kunali kophwanyika. Ndiye kuti anaivula yekha, kuponda chidendene ndi phazi linalo, mmene amachitira ana onse aulesi. Ndimasoka zimenezo tsiku lililonse."

"Ndiye anaivula n'kudziponya m'madzi," anatero wokonza mafoni.

"Dikirani, achimwene. Mu chidutswa choyamba, pansi pa bedi lake panali nsapato zakale zansalu, zoboola pa chala. Mu chachinayi wapolisi akutchula zonse za m'chipindamo, mpaka chipeso. Nsapato zakale zija mulibe. Yatsopano imaluma. Munthu amene akudziwa kuti ayenda mtunda wautali ndi mapazi ake amanyamula yakale."

Mzime anatsomphola zidutswa ziwirizo m'manja mwa namwino, n'kuyamba kutembenuza masamba mofulumira, uku choyamba, uku chachinayi. Anawerenga mndandanda wa wapolisi kawiri.

"Mulibedi!" anakuwa. Anadzutsa mutu n'kuwayang'ana bambo ake, maso ali tong'o. "Ababa, mulibedi!"

Chidutswa chomaliza anachiwerenga mokweza ndi Mzime yemweyo, ataima pa mpando wochapira tsitsi. Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri mtsikana uja anatulukira, wamoyo, kwa azakhali ake m'tauni ina, mapazi ali matuza okhaokha. Anathawa chifukwa anaona mphunzitsi akuwotcha ofesi ya sukulu, ndipo mphunzitsiyo anamuona. Dalaivala analumpha mpaka kugunda mutu ku choumitsira tsitsi, akukuwa kuti ananena iye. Namwino analira kuposa poyamba. Mayi a saluni anati iwo ankadziwa kuyambira kale, amangofuna kuona nzeru za anthu. Anthu anakhazika a Chidendene pa mpando n'kuwakweza m'mwamba ndi mpando womwe, iwo akuchonderera kuti msana wawo si wabwino.

Lolemba lake, Mzime pochokera kusukulu sanalowe mu saluni. Anakhala pa benchi ya makasitomala, n'kuvula nsapato yake yakumanzere, n'kuiika pa bondo la bambo ake.

"Ababa, nanga yangayi ikuti chiyani?"

A Chidendene sanaitembenuze n'komwe.

"Ikuti umamenya mpira. Ndi mwendo wamanzere, mbali yam'kati. Bwalo lake ndi la udzu, mizere yake ya laimu."

Mzime anagwira pakamwa.

"Mwadziwa liti?"

"Miyezi inayi yapitayo. Ukuganiza kuti nsapato ya sukulu ingapirire yokha zimenezi? Lamlungu lililonse ukamasamba ndimaibwereza ulusi."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Nanga iwe osanena bwanji?"

"Ndimati mundiletsa. Muziti mwana wamkazi ndi mpira wapati."

"Ine ndimati ukafuna undiuza wekha."

Anayang'anana, kenako onse awiri anaphulika kuseka, mpaka wokonza mafoni anasuzumira kuti kwagwanji. Mzime anayamba kufotokoza. Timu yawo ili ndi atsikana khumi ndi anayi, goloboyi wawo amaopa mpira, iyeyo wagoletsa zigoli zisanu ndi ziwiri, china cha mutu chimene aphunzitsi amasewero akuchikambabe. Anaimirira phazi limodzi lili ndi sokosi yokha kuti awaonetse mmene anamudyetsera njomba mtsikana wina wamtali. Loweruka likubwerali kuli fainolo, ndipo ngati angathe, ngati ntchito si yambiri, mwina atabwera. A Chidendene anagwedeza mutu movomera, ali ndi chimwemwe.

Bambo wina anafika ndi nsapato yoyasama kutsogolo, akuti akufulumira, ali ndi msonkhano.

"Mubwere mawa, bwana," anatero a Chidendene osamuyang'ana n'kumapazi komwe. "Mwana wanga akulankhula."