Lamba wa Zasintha

Ndikukumbukira chinthu choyamba chimene ndinasoka ndi manja angawa. Sichinali diresi kapena kansalu ka patebulo monga ankasokera atsikana anzanga. Anali lamba wa m'khosi mwa galu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Senga Bay. Matipate anali atangoyamba kumene, ndipo aliyense, ngakhale wogulitsa mandasi, ankakamba zandale mokweza mawu osacheukanso kumbuyo. Galuyo anabadwa m'masiku omwewo, n'chifukwa chake bambo anamutcha Zasintha. Anali wofiirira, wamakutu akugwa, ndipo anali wangawanga. Ndine ndinkamudyetsa, ndine ndinkamuchotsa nkhupakupa, ndipo m'mawa ankandiperekeza kusukulu mpaka pamsewu wa tala.

Chilema chake chinali chimodzi: anali wakuba wotheratu. Kwathu usipa amauyanika pa mathandala a bango, ndipo Zasintha anaphunzira kuima ndi miyendo yakumbuyo n'kumakokolola ndi lilime. Tsiku lina anagwetsa thandala lonse la a Nabanda, mayi wina amene ankagulitsa nsomba zake ku Lilongwe. Usipa ukalowa mchenga palibe amaugula. A Nabanda anabwera kwathu, anakhala pamphasa, anapereka moni mwaulemu, kenaka anauza amayi kuti galuyo akadzaonekanso kumathandala adzamuikira poizoni wa tameki m'mutu wa nsomba. Sanakalipe, ndipo kusakalipako ndi kumene kunandiopsa kwambiri. Masiku amenewo mwezi unali ukuwala, asodzi a usipa ali pampumulo, pakuti usipa umabwera kunyali kukakhala mdima. Ndinadziwa kuti mwezi ukangotha, mathandala adzadzanso ndipo galu wanga adzafa.

Bambo anali kokawedza ku chilumba cha Mbenji, choncho panalibe wondichondererera. Amayi anangoti galu ndi wanga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinayamba ndi chingwe cha khonje, Zasintha anachitafuna ndisanamalize n'komwe kusamba m'manja. Kenaka ndinapota ulusi wa ukonde, wa nayiloni uja, n'kumumanga nawo pamtengo wa mango. Umenewo sanauthe ndi mano, koma unamucheka m'khosi. Akamva kuwawa ankakoka kwambiri, akakoka ulusi unkalowerera. Pomwe ndinkabwera kuchokera kusukulu ndinapeza chilonda chozungulira khosi, ntchentche zili ng'aa. Ndinalira, ndinamumasula, n'kupita naye kwa amalume.

Amalume a Yohane anali alongo awo a amayi. Anali atangotulutsidwa kumene kundende, kumene anawasunga kuyambira ine ndili wakhanda chifukwa cha mawu ena amene anayankhula m'basi. Ali mnyamata anaphunzira kusoka zikopa ku Harare, ndipo atabwerera kumudzi anakhala pakhonde la golosale ina, pamsewu wopita kumalo ogona alendo, n'kumakonza nsapato ndi zikwama za azungu. Anali munthu wanthabwala, kuseka kwawo kunkamveka mpaka kumjigo. Koma ataona khosi la Zasintha sanaseke. Anayang'ana chilondacho nthawi yaitali, kenaka anati ndizichitsuka ndi madzi amchere ndipo galuyo ndimutsekere m'khitchini mpaka chipole. Anati chofunika ndi lamba wachikopa.

"Koma ine sindikusokera," anatero. "Usoka wekha, Enelesi. Ine ndizingokuuza."

Ndinabwerera kunyumba ndikudumphadumpha. Ine, mtsikana wa sitandade sikisi, kusoka chikopa! Tsiku lotsatira kusukulu sindinamve kanthu kalikonse, ndipo belu litangolira ndinathamangira kwa amalume osadzera kunyumba.

Zida za amalume zinkakhala m'chitini cha mkaka, ndipo nditaziona ndinakhumudwa pang'ono chifukwa ndinkayembekeza zonyezimira. Munali sipoko ya njinga yonoledwa n'kuikidwa chigwiriro cha mtengo, foloko yakale, mpeni waufupi, zibenthu za botolo, kambulu ka phula la njuchi ndi masingano awiri amene nsonga zake anazibunthitsa dala pamwala. Chikopa tinachidula ku chikwama chakale chimene mlendo wina anachitaya, chikopa cha ng'ombe chokhuthala bwino. Chitsulo chomangira ndi kamphete kokolowekapo chingwe tinazichotsanso ku chikwama chomwecho. Khosi la galu ndinaliyeza ndi kaluzi, amalume n'kundiuza kuti ndiwonjezere poti padutse zala ziwiri.

Anandiphunzitsa kudula motsatira thabwa, mpeni osaukankha koma kuukoka kangapo mpaka chikopa chilekane chokha. Malo opinda anati ndiwapale kuti apyapyale, kuopera kuti pangakhale chitupsa. Kenaka ndinanyowetsa chikopacho n'kudindapo mano a foloko, ndipo timadontho timene tinatsalira ndi timene tinandionetsa poboola. Mabowo onse ankayenera kupendekera mbali imodzi. Ulusi ndinaukoka paphula mpaka unauma gwa, n'kulowetsa singano kuno, ina uko. Lambayo ndinamupana pakati pa timatabwa tiwiri, timatabwato n'kutipana ndi maondo, ndipo masingano awiri aja ankadutsa m'bowo limodzi, ina kuchokera kumanja, ina kumanzere. Amalume anati msoko woterowo, ulusi umodzi ukaduka winawo umagwirabe. Pokoka ulusi manja onse awiri ankatambasuka, ndipo phula linkalira kuti tswii. Kamvekedwe kameneko kanandikoma kwambiri moti ndinkakoka mopitiriza muyeso kuti ndingokamvanso.

Anyamata opita kukawedza ankaima n'kumandinena kuti palibe adzakwatire mkazi wosoka nsapato. Ndinkawayankha kuti ine sindidzakwatiwa ndi munthu wopanda nsapato, amalume n'kumaseka mpaka kutsokomola. Zala zanga zinatupa, chala chachikulu ndinachibaya kosawerengeka, koma sindinkamva. Ndinalukanso ndekha chingwe chake ndi timizere ta chikopa chotsala, n'kuchikwecha ndi masamba a nimu kuti chiziwawa m'kamwa.

Tsiku lina ndinafuna kuonetsa kuti nanenso nzeru ndili nazo. Ndinali nditamva amalume akunena kuti chikopa chimafuna mafuta kuti chifewe, ndiye ndinatenga kabotolo ka mafuta a nsomba amene amayi ankasunga. Kwa ife ana a kunyanja, mafuta ndi amenewo. Amalume anatsekula, ananunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Iwe, ukufuna kumuveka ndiwo m'khosi?"

Anati agalu onse a m'mudzimo akanamuthamangitsa Zasintha kuti amudye lambayo, iye mwini n'kudya chingwe. Anatulutsa mafuta a nsatsi, amene galu sangawanyambite kawiri, ndipo kabotolo kanga ndinakabweza mwakachetechete.

Mwezi unali utatsala kachigamba, ndipo kugombe asodzi anali atayamba kupukuta nyali zawo. Nditasoka msoko womaliza ndinamanga mfundo, nsonga za ulusi n'kuziotcha ndi machesi monga tinkachitira ndi ukonde. Kunja kwake lambayo anali wokongola, msoko uli ndondondo. Ndinamunyamula n'kuyamba liwiro, koma amalume anandiitana. Anamutenga, anamutembenuza, kenaka anandiveka ine m'khosi n'kumanga bwinobwino. Anandipatsa ndowa kuti ndikawatungire madzi kumjigo.

Ndinapita ndikuseka, pakuti ndinkayesa ndi nthabwala zawo za masiku onse. Azimayi a kumjigo anaseka mpaka kugwirana, wina n'kundiitana ndi kaluzu. Koma pobwerera, ndowa ili pamutu, thukuta likutsikira m'khosi, kuseka kunatha. M'mphepete mwa chikopa munali mwakuthwa ndipo munkandicheka ndikangocheuka. Mfundo zija zinali mkati, ndipo nsonga zootcha zija zinali zitauma ngati timinga. Ndinafika khosi lili psuu, n'kuyamba kudandaula ndisanatule n'komwe.

"Iwe wanena," anatero amalume. "Nanga Zasintha akananena bwanji?"

Ndinatula ndowa. Anandimasula, kenaka anawerama n'kupinda thalauza lawo. Mu akakolo onse awiri munali zipsera zozungulira, zonyezimira, khungu lake lopyapyala. Ndinali ndisanazionepo.

"Unyolo umene unachita izi sunali wolemera ayi," anatero motsitsa mawu. "Unali wakuthwa m'mphepete, basi. Amene anausula anali mmisiri ndithu, koma sanauvalepo."

Anatsitsa miyendo ya thalauza ija n'kundifunsa ngati madzi aja ndinatunga odzadza kapena ndinamwa theka panjira. Ndinaseka, koma mtima unali ukundiwawa, ndipo za zipserazo sitinadzakambenso.

Masana amenewo ndi otsatira ake tinagwira ntchito imene ine ndinkayesa kuti kulibe. Mfundo zonse ndinazimasula. Anandionetsa kumaliza msoko pobwerera m'mabowo a m'mbuyo n'kudula ulusi chofanana ndi chikopa, popanda mfundo. Msokowo ndinaukhoma ndi nyundo pang'onopang'ono mpaka unalowa m'chikopa. M'mphepete ndinapala ndi chibenthu cha botolo, timanyenyeswa ta chikopa tikugwera pamiyendo, mpaka kuthwa konse kunatha. Kenaka ndinanyowetsa n'kukwecha ndi kamtengo kosalala, kukwecha mpaka chikopa chinatentha, chinada, chinayamba kunyezimira. Ndinapaka phula n'kukwechanso. Ndikati ndatha, amalume ankati ndidutse m'mphepetemo pamlomo panga, chifukwa chala chimanama koma mlomo sunama. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekhako kunkandivuta poti nthawi inali itatha. Pomaliza tinapaka mafuta a nsatsi, ndipo lambayo anafewa n'kumapindika yekha padzanja.

Mdima unabwerera. Loweruka m'mawa mabwato anafika odzadza, ndipo dzuwa lisanakwere mathandala onse anali mbee. Chilonda cha Zasintha chinali chitapola. Ndinamutulutsa m'khitchini, ndinamuveka lamba uja, ndinalowetsa zala ziwiri, n'kumumanga pamtengo wa mango. Ndinakhala pakhonde n'kumamuyang'ana. Mphepo itabweretsa fungo la usipa iye anadzuka, anathamanga mpaka chingwe chinakungika, n'kuyamba kukoka ndi mphamvu zake zonse. Msoko unagwira. Anatembenuka n'kuluma chingwe, koma nimu anamubweza, anayetsemula n'kumapukusa mutu. Anakokanso, analira pang'ono, koma sikunali kulira kwa ululu kuja. Kenaka anazungulira, anafukula kadzenje pamthunzi, n'kugona, mutu uli pamiyendo.

Chakumasana a Nabanda anadutsa ndi beseni pamutu, kanthu kokulunga m'pepala kali m'manja. Ataona galu anaima. Anatula beseni, anayandikira, n'kulowetsa chala pansi pa lamba. Anafunsa kuti wasoka ndani, ndipo nditati ndine anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anati kapepala ka tameki kaja akakataya kuchimbudzi, koma ndisayerekeze kumumasula nsomba zili padzuwa. Atangokhota kuseri kwa nyumba ndinakuwa, ndinavina, ndinamukumbatira Zasintha mpaka tonse tinagwa pamchenga.

Ndinathamangira kwa amalume kukawauza. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira, koma anangondifunsa kuti galuyo ndimumasula nthawi yanji. Ndinati sindimumasulanso. Anaika pansi nsapato imene ankasoka.

"Nsomba zikangoanulidwa, uzimumasula azithamanga mpaka atope. Tsiku lililonse, wamva? Lamba wosalala ndi lamba ndithu."

Ndinachita zimenezo mpaka Zasintha anakalamba n'kufa imfa ya ukalamba. Lero ndili ndi malo anga ku Salima kumene ndimasoka malamba ndi zingwe za agalu, ndipo ogula ambiri amayang'ana kunja kokha, pamene pali msoko wokongola. Ine maso anga amakhala mkati, mbali yokhudza khungu, chifukwa amene amasankha lamba si amene amamuvala, ndipo wovalayo alibe pakamwa podandaulira. Zimenezo ndinazimva tsiku la kumjigo lija. Chimene ndinachedwa kumvetsa n'china. Amalume ankamukonda Zasintha, ankamusungira mafupa, ankamusisita m'makutu. Koma nthawi zina ndikafika naye pakhonde paja n'kuwapempha kuti andigwirire chingwe ndilowe m'golosale, ankapeza chochita ndi manja onse awiri, n'kunena kuti andigulira okha. Ndinkayesa ndi kukoma mtima chabe. Ndinali nditakula kale, iwo atamwalira, pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezo sanagwirepo chingwe chija ngakhale kamodzi.