Loweruka Lija la ku Kamwendo

Bambo a Tadala, lero chakwana chaka chimwalirireni inu, ndipo anthu akudikira kuti ndilembe zoti muuse mumtendere. Sindilemba zimenezo. Chomwe chikundibwerera ndi Loweruka lija munanditenga pa njinga yamoto kukaonera oimba ku Kamwendo. Munandigulira tchipisi, tinavina mpaka lamba wa nsapato yanga anaduka. Tikutuluka, mayi wina wobereka mwana kumsana anakuimitsani pachipata n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, si paja munati muli ku Chipata kokapikula katundu?" Inu munaseka n'kundiuza kuti, "Wandisokoneza ndi wina ameneyo, tiyeni tizipita." Ine ndinakukhulupirirani, ndipo pobwerera ndinakugwirani m'chiuno njira yonse.

Mayi yemweyo ndinadzamuonanso pamaliro anu atakhala pafupi ndi bokosi, achemwali anu akumupukuta misozi. Onse ankadziwa kupatula ine. Mwanayo ndi inu ndendende, ndiye nditsutsa chiyani? Chimandiwawa n'chakuti munapita ndisanakufunseni. Tadala amandifunsa ngati ndimakusowani. Ndimamuyankha kuti inde, ndipo chokwiyitsa n'chakuti sindimunamiza. Koma za kukhululuka zokha, mudikire kaye komweko.